Mutu 6: Chaka cha Zikondwerero kwa Khombedza

Munthu wochoka pa Salima kulowera ku Nkhotakota pa msewu wa M5 amadutsa m'dera la mfumu yaikulu Khombedza. Ndi dziko lachigwa, lotentha, la milambe ndi mango, kumene anthu amalima chimanga, thonje, mtedza, mpunga ndi chinangwa, ndipo chakummawa kwake kuli nyanja. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 478,000 m'boma lonse la Salima. Ambiri mwa iwo ndi Achewa, koma m'mbali mwa nyanja muli Ayao ochuluka, komanso alipo ena amene anabwera ndi ukwati, usodzi kapena malonda.

M'dera lotere chaka sichiyendera kalendala imodzi. Ilipo ya khasu, yotsata mvula ndi masika, imene imauza mudzi nthawi yowamba ng'oma. Ilipo ya mwezi, imene Asilamu amatsata kuti adziwe tsiku loyamba kufunga ndi tsiku la Idi. Ilipo ya tchalitchi, ya Khirisimasi ndi Pasaka. Zitatuzi zili ngati mafuwa: mphika ndi umodzi, ndipo palibe fuwa limene lingausenze lokha. M'mutu uno tiyenda ndi chaka kuyambira mvula isanagwe, kuti tione ntchito imene chikondwerero chilichonse chimagwira. Pamudzi anthu savina chabe. Pa zikondwerero ndi pamene amapempha mvula, kulowetsa ana m'gulu la akulu, kuperekeza akufa, kudzudzula olakwa ndi kugawana chakudya.

Mvula isanagwe

Chaka cha mlimi chimayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, minda itasosedwa, maso onse ali kumitambo. Kale mvula ikachedwa, akuluakulu ankakumana n'kufunsana chimene chalakwika. Mwina wina wakhetsa mwazi, mwina manda anyozedwa, mwina pali mkangano umene wakwiyitsa mizimu. Akatero ankasesa patsinde pa mtengo waukulu, monga msolo, pamene pankakhala kachisi, kanyumba kakang'ono ka udzu. Amayi ankabwera ndi ufa ndi mowa, ndipo wamkulu ankathira nsembe akutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, anthu akuomba m'manja. Pempho linkapita kwa Chauta, koma linkadzera mwa mizimu ya makolo, pakuti kwa Achewa wamng'ono salankhula yekha ndi wamkulu.

Chilala chikakula, nkhani inkapitirira mudzi. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wamkulu wa Makewana, mayi amene ankaimirira mtundu wonse pa nkhani ya mvula. Iye sankameta tsitsi, ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo pamalopo pankasungidwa ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Mafumu ankatumiza nsalu zakuda ndi ziweto zakuda, mtundu wa mitambo yamvula. Kufupi ndi Salima, ku Mankhamba cha ku Mtakataka, kunalinso malo a nsembe pafupi ndi likulu la Kalonga. Nkhondo ndi malonda a akapolo a m'zaka za m'ma 1800 zinabalalitsa anthu ambiri osunga malo amenewa.

Lero mapemphero a mvula amachitikira kwambiri m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo zikavuta boma limaitanitsa mapemphero a dziko lonse. Malo opempherera ndi ena, koma nzeru yake ndi yomwe ija: chilala ndi tsoka la onse, choncho sapempha mvula munthu payekha.

Chilumba chotsekedwa ndi mwambo

Kufupi ndi kuno, m'dera la mfumu Makanjira ya ku Salima, kuli chilumba cha Mbenji, chotchuka ndi utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi chaka chilichonse mu Disembala n'kudzachitsekula mu Epulo. Kutseka ndi kutsekula komwe kumachitika ndi mwambo. Mafumu, asodzi ndi alangizi a zausodzi amasonkhana pagombe, akuluakulu amapereka nsembe kwa makolo, ndipo malamulo a pachilumba amanenedwanso pamaso pa onse. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, amayi saloledwa kukwera pachilumba, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa.

Miyezi yotseka ija ndi imene nsomba zimaswana mosasokonezedwa, ndiponso ndi imene msodzi amafunika kumunda. Chotero mwambo umodzi ukusunga nyanja ndi nkhokwe yomwe. Akatswiri a ku Mzuzu University pamodzi ndi anzawo a ku Scotland akhala akufufuza za Mbenji, chifukwa m'magombe ambiri a nyanja ya Malawi malamulo olembedwa pa pepala amavuta kutsata, pamene lamulo la pachilumbachi lakhala likumveka kwa zaka zoposa 60. Anthu amalemekeza lamulo limene analimva ndi makutu awo pamsonkhano wa onse, lochokera kwa mfumu imene akuidziwa, lomangidwa pa makolo amene amawaopa.

Nkhokwe zikadzaza, ng'oma zimalira

Mvula ikasiya, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mpunga ukapunthidwa, thonje likagulitsidwa, mudzi umapumako. Kuyambira Juni, mwera ukuomba panyanja, mpaka mvula yoyamba, usiku umadzaza ndi kulira kwa ng'oma. Chifukwa chake n'chapafupi: mwambo umadya. Pamafunika chimera cha mowa ndi thobwa, ufa wophikira alendo, mbuzi kapena nkhuku, ndi ndalama zosupira ovina. Maliro okha ndiwo sadikira masika.

Gule Wamkulu savinidwa paliponse. Mfumu iyenera kukhala ndi mzinda, umene umaipatsa ufulu wokhala ndi bwalo ndi dambwe. Pamakhala akuluakulu osunga mwambo, monga atsabwalo ndi akunjira, ndipo mbali ya amayi amaitsogolera anamkungwi. Za kudambwe n'za ometa okha, ndipo buku lino silizilowerera. Zooneka pabwalo ndizo aliyense angaphunzirepo.

Zilombo zimatuluka pa zifukwa zodziwika: pa maliro a munthu wa mwambo, pa mpalo kapena bona pamene abale amameta kachiwiri, pa chinamwali, polonga ufumu, ndipo masiku ano pa ziliza. Mwa chikhulupiriro cha Achewa, munthu akamwalira mzimu wake sufika msanga kwa makolo. Umayendayenda pamudzi mpaka abale atafulula mowa n'kuchita mwambo wotsiriza. Pamenepo pamabwera Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chooneka ngati nyama yam'tchire, kudzaperekeza mzimuwo. Pa maliro a mfumu pamatuluka Njovu, imene sioneka wambawamba. Mwambo ukatha, ofedwa amamasuka, ndipo wamasiye akhoza kuyambanso moyo wina.

Masana bwalo limakhala lophunzirira. Ng'oma ya mbalule ikalira, amayi akuomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, zilombo zimalowa chimodzichimodzi. Chadzunda, nkhalamba ya nkhope yakuda yoyenda motsimphina, amaimira ukulu ndi ufumu. Maliya amavina mofatsa, mwachizimayi. Simoni wa nkhope yofiira amanyogodola mlendo wosadziwa mwambo wa eni dziko. Kapoli wa nthenga kumutu amaimba ndi mawu okwera. Makanja amadutsa ali pamwamba kuposa denga la nyumba, ndipo Kang'wingwi akatulukira, ana ndi akulu omwe liwiro la mtondo wadooka. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi chidzudzulo chake: china chimanena mkamwini waulesi, china bambo wachimasomaso, china mayi wamiseche, china mfumu yokondera pa milandu. Zimene munthu sangauze mfumu pamaso, chilombo chimavina pabwalo, anthu n'kuseka, mwini nkhani n'kumva. Gule amayendanso ndi nthawi. Kunabwera zilombo za galimoto ndi ndege, ndipo matenda a Edzi atafala kunatuluka zina zochenjeza za chiwerewere.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Chaka chotsatira linazindikiranso mapanga a Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zina mwa izo za nyau ndi za chinamwali.

Mwana alowa m'gulu la akulu

Kwa Achewa, mtsikana akatha msinkhu amapatsidwa phungu womuyang'anira. Mwambo waukulu umachitika m'chilimwe, atsikana angapo pamodzi. Anamkungwi amawalangiza kutsimba ndi kumtengo za ukhondo, ulemu kwa akulu, kasungidwe ka banja, ndi za kudika, kumene anthu amakhulupirira kuti kukaswedwa kumabweretsa mdulo. Tsiku lotuluka namwali amametedwa, amavekedwa mikanda, ndipo ena amasenza chingondo, chifanizo cha nyama chopakidwa mawanga, n'kuvina pamaso pa mudzi wonse. Akadzatenga pathupi poyamba pamakhalanso chisamba, pamene amayi amamulangiza za uchembere. Anyamata nawo amagula njira, ndipo kuyambira pamenepo salowanso kuchipinda kwa makolo awo.

Kwa Ayao, miyezi ya Julayi ndi Ogasiti ndi ya jando ndi nsondo. Anyamata amagonekedwa kundagala, kumene ngaliba amawadula ndipo nakanga amayang'anira malangizo. Atsikana amalangizidwa kwaokha. Usiku woti mawa atuluka mudzi sugona, manganje ali pakati, ndipo m'mawa anamwali amatulukira atavala zatsopano, nkhope zitaweramitsidwa, abale akuponya ndalama kuti awaone. Mayi wa pathupi poyamba amamuvinira litiwo.

Miyambo iyi yakhala ndi zabwino ndi zoipa zomwe. Inkapatsa mwana aphunzitsi ambiri kuposa makolo ake awiri, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma m'madera ena a dziko lino munalowanso zinthu zopweteka, monga fisi ndi kusasa fumbi, komanso maganizo akuti wotuluka kuchinamwali wakwana kukwatiwa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linaletsa miyambo yovulaza, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kuchotsa mafumu owavomereza. Lero mafumu ambiri amalamula kuti zinamwali zichitike patchuthi n'kutha sukulu zisanatsekulidwe mu Seputembala, ndipo makolo ambiri amayamba apita ndi mnyamata kuchipatala kukadulidwa, malangizo n'kudzalandira pambuyo.

Oyang'ana mwezi

Chisilamu chinafika m'mbali mwa nyanja muno m'zaka za m'ma 1800, kudzera mwa amalonda achiswahili monga Jumbe Salim bin Abdallah wa ku Nkhotakota, ndiponso mwa mafumu a Chiyao amene anakhazikika m'magombe a Salima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse ndi Asilamu, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma amene ali ochuluka.

Chaka cha Chisilamu n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi cha pakalendala ya boma. N'chifukwa chake Ramadan imasuntha chaka ndi chaka, ndipo pa zaka pafupifupi 33 imakhala itazungulira nyengo zonse. Mlimi wa kwa Khombedza amadziwa kusiyana kwake: kufunga mu Juni kozizira, m'nkhokwe muli chakudya, n'kosiyana ndi kufunga mu Okutobala, kapena mu Janyuwale akupalira ndi m'mimba mopanda kanthu. Mwezi wonsewo anthu amadzuka usiku kudya daku, masana osalawa ngakhale madzi, ndipo dzuwa likalowa amamasula ndi phala, futali kapena tende akapezeka.

Mwezi watsopano ukaoneka, kwacha ndi Idi. Asanapite kukaswali, banja lililonse limapereka chakudya kwa osauka kuti pasapezeke wogona ndi njala tsiku limenelo. Anthu amavala makanzu ndi zovala zatsopano, amaswali pabwalo, amakhululukirana, kenako mpunga ndi nyama. Tsikuli ndi tchuthi cha dziko lonse. Pakapita miyezi iwiri ndi masiku owerengeka kumabwera Idi yachiwiri, yokumbukira nsembe ya Ibrahim, pamene amazinga mbuzi kapena ng'ombe n'kugawa nyama patatu: ya banja, ya abale ndi anansi, ndi ya osowa. Mnansi wachikhristu salumphidwa pa kugawaku.

Asilamu a Qadiriyya amachitanso ziyala, yokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, ndipo amayenda mumsewu ndi mbendera akuchita sikiri. Asilamu ena savomereza mwambowu, ndipo kusiyana maganizo kumeneku n'kwakale. Pa maliro, mabanja ambiri amaphika sadaka patapita masiku, makamaka pa tsiku la 40, ndipo mudzi wonse umadya nawo.

Belu la tchalitchi

Chikhristu chinatsikira kuchigwa cha Salima kuchokera kumapiri. Mu 1889 Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsekula mishoni ya Mvera, imene inabala mipingo yambiri ya Sinodi ya Nkhoma. Mu 1902 ansembe a White Fathers anafika ku Mua. Kunyanja kunkayenda sitima za mpingo wa Anglican.

Khirisimasi imagwa pa nthawi yovuta, ufa ukutha m'nyumba, udzu ukukula m'munda. Komabe banja limayesetsa kuti tsikulo pakhale mpunga ndi nkhuku, ana avale chatsopano. Ndi nthawi imene a m'tauni ndi a ku Joni amabwera kumudzi kapena kutumiza kangachepe pafoni. Pasaka ndiye imapeza anthu akudya dowe ndi maungu. Tsiku lake limasunthanso, chifukwa limatsata mwezi: limakhala Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. Lachisanu Loyera Akatolika amayenda Njira ya Mtanda, makwaya amachezera, ndipo amayi a Chigwirizano amaoneka ndi yunifolomu yawo. Kukolola kukatha, mipingo imachita masika: anthu amasenza matumba a chimanga, mtedza ndi mpunga kupita nazo kutchalitchi. Apa kalendala ya belu yakumana ndi ya khasu, pakuti kuthokoza ndi zoyamba kucha makolo ankachita kale.

Ubale wa tchalitchi ndi bwalo sunayambe bwino. Amishoni ankaona gule ngati chikunja, ndipo eni gule ankaona sukulu za mishoni ngati zolanda ana awo. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula kwambiri cha ku Mua, mpaka milandu kufika kwa atsamunda. Mipingo yambiri mpaka lero imaletsa Mkhristu kulowa gule. Koma ku Mua komweko, mu 1976, wansembe Claude Boucher, amene anthu anamutcha Achisale, anayambitsa malo a Kungoni, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli nkhope za gule mazanamazana ndi matanthauzo ake. Pamudzi penipeni anthu anapeza njira yawo. Banja limodzi limakhala ndi mkulu wa mpingo, shehe wokwatira mlongo wawo ndi malume wa kudambwe, ndipo tsiku la zovuta onse amakumana pasiwa. Maliro n'kulirana: adzukulu akukumba manda safunsa kuti malemu ankapemphera kuti.

Ulendo wa ku Mkaika

Chikondwerero chachikulu cha Achewa onse chimachitikira kunja kwa Malawi. Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba. Wochokera ku Salima amadzera ku Lilongwe, Mchinji, chipata cha Mwami ndi Chipata. Kumeneko mafumu amafika pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kupereka mphatso ndi kufotokoza mmene anthu awo akukhalira: zokolola, matenda, mikangano ya malo. Anamwali amavina, magule a madera osiyanasiyana amapikisana, ndipo munthu amaona zilombo zimene kwawo sanazionepo.

Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambiranso mu 1984. Mu 2007 atsogoleri a mayiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala nawo pamodzi. Kuno ku Malawi bungwe la Chewa Heritage Foundation ndilo limakonza ulendowu. Malire amene anadulidwa ndi azungu anagawa Achewa m'mayiko atatu, koma tsiku limenelo amakhala mtundu umodzi pansi pa mfumu imodzi, imene makolo ake anachokera ku Mankhamba komwe kuja.

Mitundu ina nayo ili ndi masiku ake m'chilimwe chomwecho. Angoni a kwa Gomani amakumana pa Umhlangano ku Ntcheu, a kwa M'mbelwa pa Umthetho kuphiri la Hora ku Mzimba, Atumbuka pa Gonapamuhanya ku Bolero, ndipo Alhomwe pa Mulhako kwa Chonde ku Mulanje. Ambiri mwa misonkhano imeneyi anakhazikitsidwa kapena kutsitsimutsidwa posachedwapa, pamene anthu anaona kuti ana obadwira m'tauni akukula osadziwa kwawo.

Kumapiri a ku Nepal

Zimenezi si za kwathu kokha. Nepal ndi dziko lamapiri lopanda nyanja yamchere, lokhala pakati pa India ndi China, la anthu pafupifupi 29 miliyoni, ambiri a iwo alimi. Anthu 81 mwa 100 aliwonse ndi Ahindu, ndipo alipo Abuda, Asilamu ndi Akhristu. Mvula yawo imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala. Chipembedzo n'china, chinenero n'china, koma ntchito za zikondwerero zawo mlimi wa kwa Khombedza angazizindikire.

Mvula isanayambe, anthu a mumzinda wa Patan amakoka ndi zingwe ngolo yaitali ya Rato Machhindranath, amene amamupempha mvula ndi zokolola. Mvula ikatha, mpunga ukucha, kumabwera Dashain, chikondwerero cha masiku 15 cholemekeza Durga. Masukulu ndi maofesi amatsekedwa, anthu amatuluka mu Kathmandu kupita kumidzi, ndipo ogwira ntchito ku Qatar kapena Malaysia amatumiza ndalama. Tsiku loyamba amafesa balere m'nyumba, ndipo tsiku la 10 akuluakulu amapaka pamphumi pa ana awo mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi utoto wofiira, kuwapatsa mphukira za balere uja ndi kuwadalitsa. Mbuzi ndi njati zoweta zimaphedwa, nyama n'kudyedwa ndi abale.

Pakapita milungu yochepa kumabwera Tihar, ya masiku asanu, pa nyengo imene Ahindu a ku Lilongwe ndi Blantyre amachita Diwali. Tsiku lina amapatsa chakudya akhwangwala, lina amaveka agalu nkhata za maluwa, lina amalemekeza ng'ombe ndi kuyatsa nyali pakhomo. Tsiku lomaliza mlongo amadalitsa mchimwene wake, iye n'kumupatsa mphatso. Mchewa, amene amadziwa kuti mwamuna ndi nkhoswe ya alongo ake ndi mwini mbumba, sangadabwe ndi tsiku limeneli.

Zofanana kwambiri ndi gule zili m'chigwa cha Kathmandu, pakati pa anthu a mtundu wa Newar. Pa Gai Jatra, banja lililonse limene lataya munthu chaka chimenecho limayendetsa mumsewu ng'ombe, kapena mwana wovekedwa ngati ng'ombe, kuti mzimu wa malemu upeze njira. Tsiku lomwelo ndi la nthabwala, ndipo anthu amaloledwa kunyogodola akuluakulu ndi andale. Pa Indra Jatra, Lakhe wa nkhope yofiira ndi tsitsi lambiri amavina m'misewu ng'oma zikulira, ndipo anthu amamuona ngati mzimu woteteza mzinda. Mitundu iwiri yotalikirana chotere, imene sinaphunzitsane, yonse inaona kuti chisoni cha maliro chimafuna khamu, ndi kuti choonadi chowawa chimalowa bwino chikabwera ndi kuseka.

Zimene zikusintha

Mdani woyamba wa chikondwerero ndi njala. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chaka chotere mabanja amaimika ziliza, zinamwali zimachepa, ndipo mbuzi ya Idi kapena ya Khirisimasi imagulitsidwa kuti agule chimanga. Mliri nawo umatseka bwalo: mu 2020 Kulamba sikunachitike chifukwa cha Covid-19.

Chachiwiri ndi ndalama ndi ndale. Kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda gule wakhala akuvinidwa pamisonkhano ya ndale, ndipo lero amaitanidwanso kumahotela a ku Senga Bay kukasangalatsa alendo. Ovina amapezapo kangachepe, ndipo palibe choipa kuti mlendo aone chikhalidwe chathu. Koma akuluakulu a mizinda amadandaula ndi zilombo zongoyendayenda m'misika ndi m'misewu, zopempha ndalama ndi kuopseza ana a sukulu popanda mfumu kudziwa. Mafumu ndi a Chewa Heritage Foundation akhala akudzudzula khalidwe limeneli, chifukwa chilombo chotuluka popanda mwambo chimanyozetsa mzinda wonse.

Chachitatu ndi kutha kwa odziwa. Oimba mbalule, anamkungwi ndi nkhalamba zodziwa tanthauzo la nyimbo iliyonse akupita mmodzimmodzi. Mnyamata akhoza kujambula gule pafoni n'kumuika pa Facebook, koma osadziwa chimene chilombocho chikudzudzula.

Mwambo umene wakana kusintha umafa, ndipo umene wataya ntchito yake umasanduka chionetsero. Miyambo imene yakhalitsa, monga wa ku Mbenji, ndi imene ikugwirabe ntchito yooneka ndi maso. Chinamwali chimene chimabweza mtsikana kusukulu, Idi imene imadyetsa wamasiye, masika amene amathandiza odwala, ndi gule amene amaphunzitsa ulemu, zimenezi sizidzasowa ozitsata. Inu owerenga, ngati kwanu kukadali agogo odziwa zimenezi, musadikire tsiku la maliro awo. Khalani nawo pansi chaka chino, afunseni za miyambo ya mudzi wanu imene iloledwa kukambidwa, ndipo muzilembe kuti ana anu adzazipeze.